Khofi wa Paulendo

Ambiri a ife pano pa Nkhotakota tinakulira tiyi, ndipo tikamva dzina la khofi timangoganiza za ufa wa m'kacitini umene munthu amasungunula m'madzi otentha. Komatu kuli khofi wina, dzina lake espresso, womwera m'kakapu kakang'ono ngati cigoba ca dzira. Ndifuna kufotokozera anzanga ndi aphunzitsi athu m'mene munthu wa paulendo angapangire khofi ameneyu ali kutali ndi magetsi, kaya ali pa sitima ya Ilala, kaya akudikira basi ya ku Salima.

Espresso anacokera ku Italy. Cinsinsi cake ndi ici: madzi sangothiridwa pa khofi ai, koma amakankhidwa mwamphamvu kuti apyole mu ufa wosalala wotsenderedwa bwino. Akatswiri amayeza cotere: magalamu 7 a khofi, madzi otentha madigiri 90 kufikira 96, ndi mphamvu yokankha ya mabaa 9, ndiye kuti kuposa kanai mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto laling'ono. Pakapita masekondi 25 kapena 30 mumatuluka khofi wokwana mamililita 30 okha, waukali, wa thovu lofiirira pamwamba.

Makina amene Luigi Bezzera wa ku Milan anapanga mu 1901 anali kugwira nchito ndi nthunzi, ndipo m'zaka za m'ma 1940 Achille Gaggia anapanga ena a mkono wokoka, amene anaonjezera mphamvu ija. Koma onsewa anali acitsulo colemera, oyenera m'nyumba zodyera. Ndani angasenze katundu wotere pokwera bwato?

Njira yoyamba ya wapaulendo ndi kaketulo ka Moka, kamene Alfonso Bialetti anatulutsa mu 1933. Kali ndi zipinda zitatu: pansi pamakhala madzi, pakati sefa ya khofi, pamwamba ndi pofikira khofi wakupsa. Mukakateleka pa mbaula, nthunzi ndi mpweya wa m'cipinda capansi zimasowa kothawira, motero zimakankha madzi kuti akwere kupyola mu khofi. Mphamvu yake siipitirira mabaa 2, ndiye khofi wake si espresso weniweni, koma ndi mbale wake ndithu. Musadzaze madzi mpaka kumiza kabowo kotetezera kamene kali m'mbali, pakuti ndi pamene nthunzi imatulukira ikaculuka. Kakatsekeka, kaketulo kangathe kuphulika.

Njira yaciwiri ndi kamakina kopopa pamanja, kakakulu ngati thoci, kamene kamalowa m'cikwama ca mabuku. Amene anapopako njinga kamenekanso sikangambvute. Coyamba, tsukuluzani kamakinako ndi kapu yanu ndi madzi otentha, cifukwa ziwiya zozizira zimaba moto wa madzi. Caciwiri, dzazani sefa ndi khofi ndi kumtsendera mofanana mbali zonse, kuti madzi asapeze njira yacidule. Cacitatu, thirani madzi otentha a m'fulasiki ndi kutseka zolimba. Pomaliza popani pang'onopang'ono. Poyamba pampu imafewa, kenaka imalimba, ndipo kulimbako ndi cizindikiro cakuti mphamvu yakwana. Apa m'pofunika kukumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khofi akaipa, kawirikawiri mlandu uli pa kaperedwe. Ufa wa misere umalola madzi kudutsa mothamanga, khofi n'kukhala wowawasa ndi wamadzimadzi. Ufa wosalala kwambiri umatseka njira, khofi n'kuwawa ngati kwinini. Madzi nawo asakhale ongotunga m'nyanja osawiritsa, kuopa matenda a m'mimba. Palinso cina cimene tinaphunzira m'kalasi ya sayansi: malo akakhala okwera, madzi amawira asanatenthe kwambiri. Kuno kunyanja, mamita ngati 470 pamwamba pa nyanja yamcere, amawira pa madigiri ngati 98, ndiye muyambe mwawaphula ndi kudikira pang'ono. Pa Nyika, pamene pamapitirira mamita 2,000, amawira pa madigiri ngati 93, ndipo mungathe kuthira nthawi yomweyo.

Wina angafunse kuti, “Nanga ife zimenezi zitikhudza bwanji, si za Azungu?” Iai. Mbeu ya khofi inafika ku Mishoni ya Blantyre mu 1878 kucokera ku Edinburgh, ndipo inakula mbiri kotero kuti mtengo wake unajambulidwa pa mbendera ya British Central Africa. Lero alimi a ku Misuku, ku Phoka, ku Thyolo ndi anansi athu a m'mapiri a Ntchisi amalima khofi wa mtundu wa arabica, ndipo wambiri amagulitsidwa kunja. N'zacisoni kuti mwana wa mlimi asadziwe m'mene thukuta la atate wake limakomera, pamene mlendo wa ku London akulidziwa. Amene adzafune kugulitsa khofi wathu pa mtengo wabwino ayenera kuyamba wadziwa cimene ogula amafuna m'kapu.

Koma anzanga a Fomu 4, cenjerani. Kakapu kameneka n'kakang'ono, koma kamathamangitsa tulo maola angapo. Wapaulendo amene akulonda katundu wake usiku kangamthandize. Koma wophunzira amene ali ndi mayeso mawa amwe m'mawa mokha, kuti asakawodzere pa pepala.

Wophunzira wa Fomu 3