Cinsinsi ca citseko cotsegukila uku ndi uku

Ikakwana 13 koloko m'malesitilanti a mu Kamwala kumakhala pilingu-pilingu. Mtsikana wopeleka cakudya amatuluka m'khichini atanyamula mbale ya nsima kudzanja ili, ya nkhuku kudzanja linali. Alibe dzanja logwilila citseko. Amangocikankha ndi phewa, n'kudutsa. Citseko cija cimapita uku, kubwela uku, kenaka cimaima pakati cotseka. Pobwelela ndi mbale zakuda amacikankhanso, ndipo cimatsegukila mkati mosavuta.

Koma pitani m'malo ena odyela mudzaone. Citseko ca mtundu womwewo cili pululu, anacichinga ndi mwala kapena kabokosi ka mabotolo cifukwa cinayamba kukhula pansi. Utsi wa m'khichini ukufika kwa makasitomala, nchenche zikulowa ndi kutuluka mwaufulu. Ife a mu Lusaka amene tinaona kolela ya mu 2017 mpaka 2018, ndiponso ya mu 2023 mpaka 2024, tidziwa kuti nchenche pa cakudya si nkhani yoseka. Mwini malo mukamufunsa amati citseko cinafa, ayembekeza ndalama zogulila cina. Nthawi zambili citseko sicinafe ai. Cangofooka ndi kawaya kopota kali mkati mwa mahinjesi, ndipo kukamanganso n'nchito ya mphindi zocepa kwa munthu wodziwa mmene kamagwilila nchito.

Mapiko atatu, mapaipi awili

Hinjesi wamba ya pa citseko ca kunyumba ili ndi mapiko awili a citsulo. Lina limamangidwa ku felemu, lina ku citseko, ndipo amakumana pa msomali umodzi pomwe citseko cimazungulila. Popeza pozungulila ndi pamodzi cabe, citseko cimatsegukila mbali imodzi.

Hinjesi ya citseko cotsegukila uku ndi uku ili ndi mapiko atatu ndi mapaipi awili oimilila. Phiko loyamba ndi la ku felemu, lacitatu ndi la ku citseko, ndipo lapakati limalumikiza mapaipi awili aja. Paipi imodzi imaonekela mbali ya kukhichini, inayo mbali ya kwa makasitomala.

Kuti mumvetse bwino, tengani kakatoni mukapinde pawili kuti kaoneke monga cilembo Z, ndipo mukafinye kuti kagone. Gwilani mbali yapansi, imeneyo ndiyo felemu. Mbali yapamwamba ndiyo citseko. Mukaitukula kumanzele, kakatoni kamatsegukila pa mpindo umodzi. Mukaitukula kumanja, kamatsegukila pa mpindo winawo. Mahinjesi amenewa amacita cimodzimodzi. Citseko cikakankhidwila kukhichini cimazungulila pa paipi ya mbali ya kukhichini, inayo ili phee. Cikakankhidwila kwa makasitomala, nchito imagwela paipi inzake. Ulendo wina phiko lapakati limayendela pamodzi ndi citseko, ulendo wina limatsala litagona ku felemu.

Cimene cimabweza citseko

Mkati mwa paipi iliyonse muli sipuling'i, waya wolimba wa citsulo wokulungidwa mozungulila. Sipuling'i imeneyi siikokedwa monga ya pa sikelo ya m'butchala, ndipo siifinyidwa monga ya pa mpando wa njinga. Imapotedwa. Mtundu wake ndi womwe uja uli pa pegi yoyanikila zovala ndi pa msampha wa makoswe wogula m'sitolo. Nsonga imodzi ya waya inagwila phiko lina, nsonga inayo inagwila phiko linzake. Mukakankha citseko mumapota wayayo, ndipo mphamvu ya phewa lanu imasungika mmenemo. Mukacisiya, waya amafuna kubwelela mmene analili, ndipo pobwelela amakoka citseko.

Katswili wa sayansi wa ku England, Robert Hooke, anafalitsa lamulo la zimenezi mu 1678. Anapeza kuti mphamvu imene sipuling'i imabwezela imakula molingana ndi mmene mwaikokela kapena kuipotela. N'cifukwa cake citseko cimakhala cofewa poyamba kukankha, koma cimalimbila-limbila pamene cikutseguka kwambili. N'cifukwa cakenso citseko cotsegulidwa mpaka kumapeto cimabwelela ndi ukali kuposa cotsegulidwa pang'ono.

Nanga n'cifukwa ciani siciima nthawi yomweyo cikafika pakati? Citseko n'colemela ndipo cimafika pakati cili paliwilo, conco cimapitilila mbali inayo. Kumeneko cimapota sipuling'i yaciwili, imene nayonso imacibweza. Ulendo uliwonse mphamvu ina imathela m'kukhulana kwa zitsulo ndi m'kukankha mpweya, mpaka citseko ciima.

Ambili amaganiza kuti masipuling'i awiliwa amakokana monga anyamata okoka cingwe, citseko n'kuima pomwe mphamvu zawo zalingana. Si mmene zilili. Sipuling'i iliyonse ili ndi nchito imodzi, kutseka mpindo wake. Mipindo yonse iwili ikatsekeka, citseko cili pakati. Ndipo woika citseko amapotelatu masipuling'i pang'ono ngakhale citseko cili cotseka, kuti cigwidwe zolimba pakatipo, kamphepo kasamacigwedeze.

Dzina la Bommer

Amene anakonda mafilimu a makauboyi akumbukila tuzitseko tuwili twa pa bala tumene tumagwedezeka munthu akalowa ndi mfuti m'ciuno. Mahinjesi a mtundu uwu anachuka ku America m'zaka za kumapeto kwa ma 1800, ndipo dzina lomwe limamveka kwambili pa mbili yake ndi la Lorenz Bommer, amene kampani yake inayamba mu 1876 ku Brooklyn, New York. Dzinali linamamatila kwambili moti ku Germany hinjesi imeneyi amaichula kuti Bommerband, ndipo ku Netherlands amati bommerscharnier, kaya inapangidwa ndi kampani iti. Kapangidwe kake sikanasinthe kweni-kweni kucokela nthawi imeneyo, cifukwa vuto limene inabwela kudzathetsa likalipo: munthu amene manja ake ali ndi katundu, kapena dokotala amene wasamba m'manja polowa m'cipinda ca opaleshoni, safunika kugwila cogwilila citseko.

Cifukwa cake cimagwa mphuno

Apa m'pamene pagona vuto la citseko cija cochingidwa ndi mwala. Citseko ciliconse copacikidwa m'mbali cimakoka hinjesi yapamwamba kuti icoke ku felemu, ndipo cimakankhila hinjesi yapansi ku felemu. Pa hinjesi wamba, citsulo ndi masikuluu ndizo zimalimbana ndi kukokako. Koma hinjesi yopindika monga Z ikakokedwa imatha kufutukuka, ndipo coiletsa ndi masipuling'i cabe. Akafooka, pamwamba pamaoneka mpata pakati pa citseko ndi felemu, nsonga ya citseko imatsika n'kuyamba kukhula simenti.

Conco pali zizindikilo zimene mwini malo angaone yekha. Citseko cikamakhula pansi ndipo hinjesi yapamwamba yayasama, masipuling'i apamwamba ndiwo afuna kumangidwa. Cikamaima cotsegukila pang'ono kukhichini, yafooka ndi sipuling'i ya m'paipi ya mbali ya kukhichini. Cikamabwelela mwaukali mpaka kumenya munthu wobwela kumbuyo, anacimanga mopitilila. Cikamalila kwii-kwii, cifuna mafuta. Koma ngati paipi imodzi ingozungulila yopanda mphamvu iliyonse, ndiye kuti waya anaduka, ndipo pamenepo hinjesiyo ifunika kugula ina. Citseko ceni-ceni cikali bwino.

Kamangidwe ka sipuling'i

Kumapeto kwa paipi iliyonse kuli kamphete kokhala ndi mabowo kuzungulila. M'bowo limodzi muli kapini kamene kamatsamila ku phiko n'kuletsa sipuling'i kumasuka. Mahinjesi atsopano amabwela ndi kacitsulo koongoka monga msomali wautali, komangila. Ena a masiku ano amamangidwa ndi Allen key.

Kalipentala amatseka citseko, n'kuikako kathabwa pansi kuti cikhale pa msinkhu wake. Amalowetsa kacitsulo kaja m'bowo la kamphete ndi kupotela pang'ono mbali yomangila kuti kapini kamasuke. Amazula kapini, kupota bowo limodzi, kubwezela kapini m'bowo latsopano, ndipo amabweza kacitsulo pang'ono-pang'ono mpaka kapini katatsamila. Akatelo amayesa citseko. Ngati cikali cofooka amawonjezela bowo lina. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mpofunikadi kudekha, bowo limodzi pa nthawi. Mapaipi awili a hinjesi imodzi amamangidwa molingana, koma hinjesi yapamwamba imamangidwa zolimbilapo kuposa yapansi cifukwa ndiyo inyamula mtolo. Kumanga mopitilila malile amene opanga analemba kumafooketsa waya kapena kuudula.

Tikucenjezeni awelengi athu: sipuling'i yopotedwa ili monga msampha wochela kale. Kacitsulo kakapulumuka m'manja kamabwelela ndi mphamvu yokhoza kuswa cala kapena kuboola diso. Musaike nkhope pafupi, ana akhale patali, ndipo musagwilitsile nchito msomali wowonda umene ungapindike. Cinanso, musayambe kumasula masikuluu a hinjesi musanamasule masipuling'i onse.

Pogula ndi poika

M'masitolo a zomangila mahinjesi awa amapezeka m'masaizi osiyana, monga a mamilimita 75, 100, 125 ndi 150. Pogula musayang'ane mtengo cabe. Yambani mwapima kunenepa kwa citseko canu, cifukwa m'mphepete mwake muyenela kukwana pakati pa mapaipi awili aja. Citseko cikanenepa kuposa mpata umenewo cimaguma felemu cisanatseguke. Opanga amalemba pa paketi kunenepa ndi kulemela kwa citseko cimene hinjesiyo ingakwanitse.

Kulemela nakonso kumasiyana kwambili. Citseko ca saizi yofala kuno, ca mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali, cikakhala ca mukwa wokha-wokha wonenepa mamilimita 40 cimalemela pafupi-fupi makilogilamu 40. Ca pulaiwudi copanda kanthu mkati sicifika ngakhale theka la pamenepo. Amene agula matabwa ku Buseko kuti apangitse citseko cokongola ca mukwa akumbukile kuti tumahinjesi tung'ono situngacinyamule. Citseko colemela cifuna mahinjesi atatu, ndipo yacitatu imaikidwa pafupi ndi yapamwamba osati pakati, popeza kukoka kuli pamwamba.

Felemu nayonso ndi ina. Mafelemu acitsulo amene tinazolowela m'nyumba zathu ali ndi kamlomo kamene citseko cimatsamila cikatsekedwa. Kamlomo kameneko sikalola citseko kupitilila mbali inayo. Conco pouza owochelela a ku Kalingalinga kapena kalipentala wanu, nenelanitu kuti mufuna felemu yosalala yopanda kamlomo. Iyenela kuima cilili, yopimidwa ndi levulo, cifukwa felemu yopendekeka imacititsa citseko kutsamila mbali imodzi ngakhale masipuling'i ali bwino. Pakhale kampata kocepa kuzungulila citseko conse, ndipo zikakhala zitseko ziwili zokumana pakati, m'mphepete mwake amazisema mobulungila kuti zisagundane.

Musaiwale kawindo ka galasi lolimba pa msinkhu wa maso. Citseko cimene anthu amakankha mbali zonse cingagunditse wonyamula msuzi wotentha ndi mnzake wobwela kutsogolo. Pansi pake ndi bwino kukhomapo cilata cosalala, cifukwa pamenepo m'pomwe mapazi ndi matolole amagunda. Ndipo makolo samalani tuzala twa ana kumbali ya mahinjesi, pomwe mpata umatseguka ndi kutsekeka mwamphamvu.

Pomwe siciyenela

Citseko ca mtundu uwu cili ndi malile ake. Popeza cilibe potsamila, sicitseka ndi-ndi-ndi. Phokoso, fungo ndi udzudzu zimadutsa m'mipata. Sicili cabwino kukhala citseko ca panja, cifukwa mphepo ya mu Ogasiti imacikankha, mvula imalowetsa dzimbili m'masipuling'i, ndipo kawalala sacivutikila. Malo ake ndi mkati: pakati pa khichini ndi modyela, pa kauntala ya sitolo, m'makonde a cipatala.

Zitseko zolemela za galasi zimene timaona m'mabanki ndi m'masitolo akulu-akulu nazonso zambili zimatsegukila uku ndi uku, koma zimagwilitsila nchito cipangizo cina cochedwa floor spring. Ili ndi bokosi lokwililidwa pansi, mmene muli sipuling'i yaikulu ndi mafuta. Pamene sipuling'i ikubweza citseko, mafuta amakakamizidwa kudutsa pa kabowo kakang'ono, conco citseko cimabwelela mwaulemu n'kuima pakati osagwedezeka. Mtengo wake ndi wokwela, ndipo kuika kwake kufuna kukumba simenti. Kwa mayi wa kalesitilanti ka matebulo 6, mahinjesi a sipuling'i ndi okwanila.

Cimene afuna ndi cisamalilo cocepa: kadontho ka mafuta m'mapaipi nthawi ndi nthawi, kupukuta mafuta ophikila ndi fumbi zimene zimamatilila, kulimbitsa masikuluu akayamba kugwedela, ndi kusunga bwino kacitsulo komangila pamodzi ndi tumapini twake m'malo mozitaya ndi paketi. Conco inu eni malo odyela, musanaitanitse citseko catsopano, cotsani mwala uja, tsekani citseko, muyang'ane hinjesi yapamwamba. Ngati yayasama, itanani kalipentala abwele ndi kacitsulo kake.