Chikatikati cha Kachirombo ka Kamwazi

M'nkhani ino ndifotokoza za nyukiliyasi, yomwe ndi chikatikati cha selo, ya kachirombo kotchedwa Entamoeba histolytica. Kachiromboka kamayambitsa mtundu wina wa kamwazi. Fedor Lösch adakafotokoza mu 1875 ku St Petersburg, ndipo Fritz Schaudinn adakapatsa dzinali mu 1903.

Pa maikulosikopu nyukiliyasi yake imaoneka ngati gudumu: pakati pali kadontho kamodzi, m'mphepete monse muli timadontho tondondozana bwino. Kakadzikuta m'kachigoba kolimba kuti katuluke ndi chimbudzi, kamakhala ndi manyukiliyasi 4 kakakhwima, pomwe Entamoeba coli, yosavulaza, imafika 8. Wopima chimbudzi amawerenga zimenezi.

Chondichititsa chidwi ine n'chakuti majini opanga RNA ya maribosomu, timakina tomanga mapuloteni, sali pa makromozomu monga zilili mwa munthu. Ali pa timikombero ta DNA tapadera, tochuluka ndithu, ndipo RNA imeneyi imapangidwira m'mphepete muja.

Koma diso lili ndi malire. Mu 1925 Émile Brumpt adati pali kachirombo kena kofanana nako maonekedwe koma kosadwalitsa, Entamoeba dispar. Ambiri sadamumvere kufikira 1993, pamene Louis Diamond ndi Graham Clark adasonkhanitsa umboni, kuphatikizapo wa DNA. Kwa ine nkhani yagona pamenepa: chipatala chikadalira maikulosikopu yokha, wodwala akhoza kumwetsedwa metronidazole pofuna kupha kachirombo kosalakwa, chomutsegula m'mimba chili china.