Zinthu 7 zodabwitsa za jakisoni wa nyamakazi

Kuyambira ku Etatara mpaka ku Mandimba ndi ku Ngauma kuno ku Mozambique, munthu akatupa mawondo kapena zala timangoti ndi nyamakazi, ndipo ambiri mtima sukhala m'malo mpaka atabayitsa jakisoni. Koma nyamakazi ilipo ya mitundumitundu, majakisoni akenso ndi osiyana. Nazi mfundo zoyenera kuzidziwa musanapereke mkono.

1. Pali nyamakazi yobwera ndi chitetezo cha m'thupi mwathu momwe. Madokotala amaitchula kuti rheumatoid arthritis. Chitetezo chimasokonekera n'kuyamba kudya molumikizirana mafupa, kawirikawiri m'zala za manja onse awiri. Mayi amadzuka zala zitauma gwaa, osatha kumanga chitenje kapena kugwira mthiko mpaka dzuwa litakwera. Bungwe la WHO likuti mu 2019 odwala matendawa analipo 18 miliyoni, ndipo 7 mwa 10 aliwonse anali akazi.

2. Kale ankabaya golide. Mu 1929 dokotala wa ku France, Jacques Forestier, anayamba kubaya odwala mankhwala a golide. Mu 1948 Philip Hench wa ku chipatala cha Mayo Clinic anabaya cortisone mayi wina yemwe sankadzuka pabedi, ndipo patangopita masiku ochepa mayiyo anayamba kuyenda. Hench analandira mphotho ya Nobel mu 1950, koma zinadziwika kuti cortisone akachuluka amafooketsa mafupa, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

3. Mankhwala odalirika kwambiri anayamba ngati a khansa. Methotrexate alipo wa mapiritsi ndi wa jakisoni, ndipo wa nyamakazi amalandira kamodzi kokha pa sabata. Kumwa tsiku lililonse kumapha. Mayi woyembekezera saloledwa chifukwa amavulaza mwana m'mimba.

4. Majakisoni amakono amalondola mdani mmodzi. Mu 1992 Ravinder Maini ndi Marc Feldmann a ku London anaonetsa kuti kutsekereza TNF, chinthu chimene chimakolezera kutupa m'thupi, kumathandiza odwala. Adalimumab, wobaya pansi pa khungu pakatha masabata awiri aliwonse, anavomerezedwa ku America mu 2002, ndipo WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Koma ngwodula, amafunanso firiji ya madigiri 2 mpaka 8, zomwe n'zovuta kumudzi kopanda magetsi.

5. Majakisoni omwewa amadzutsa TB yogona. TNF yomweyo ndi imene imathandiza thupi kutsekera tizilombo ta chifuwa chachikulu. Mozambique ndi limodzi mwa mayiko omwe TB ndi yochuluka, choncho wodwala ayenera kupimidwa kaye asanabayidwe.

6. Jakisoni wopulumutsa ana athu ndi wakalekale komanso wotsika mtengo. Mwana akadwala zilonda zapakhosi osalandira mankhwala, pakatha masabata awiri kapena atatu angayambe kutentha thupi ndi kupweteka mafupa: lero bondo, mawa chigongono, mkuja akakolo. Imeneyi ndi nyamakazi ya mtundu wina. Ululuwo umatha wokha, koma matendawo amakhala akuwononga mtima mwakachetechete. Mu 2007 kafukufuku wa ana asukulu ku Maputo, yemwe anachita nawo dokotala Ana Olga Mocumbi, anapeza kuti kupima kwa masiku onse kunkagwira ana 2 okha a vuto la mtimali mwa 1,000, pomwe makina ounikira mtima anagwira ana 30. Chowateteza ndi benzathine penicillin, wobaya pathako pakatha masabata atatu kapena anayi, kwa zaka zambiri. Ndi wopweteka ndithu, koma ku Uganda, mwa ana omwe ankabayidwa, osakwana 1 mwa 100 ndiwo matenda awo anakula, pomwe mwa osabayidwa anali 8 mwa 100.

7. Jakisoni wa diclofenac sachiza nyamakazi. Amangogoneka ululu, mafupa n'kumapindikabe. Kubayitsa pafupipafupi kwa anthu ogulitsa mankhwala pamsika kumawononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba, ndipo singano yogwiritsidwa kale ntchito imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Choncho zala zikatupa kwa masabata angapo, kapena mwana akamadandaula mafupa pambuyo pa zilonda zapakhosi, thamangirani kuchipatala chapafupi, ndipo akakutumizani kuchipatala cha ku Cuamba musazengereze. Mukafika funsani dzina la matendawo ndi la jakisoni amene akukubayani, chifukwa fupa likapindika kapena mtima ukawonongeka, jakisoni sangazibwezeretse.