Khansa ya kumtundu si ufiti: zimene Mary-Claire King adapeza

Titangoika maliro a amayi aang'ono kwathu ku Dowa, manong'onong'o adayamba. Malemuwo adamwalira ndi khansa ya m'mawere asadakwanitse zaka 45. Agogo, amayi awo, adapitanso ndi bala la pabere lomwe silinkapola. Patapita zaka zitatu msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, adayamba kudwala matenda omwewo. Apa abale adati zanyanya. Adapita kukaombeza, ndipo chala chidaloza gogo wina wamasiye wa m'mudzi momwemo. Gogoyo adamwalira, koma mpaka lero abale anga ena salonjerana ndi ana ake.

Ine ndimaphunzitsa Biology kusekondale, koma nthawi yonseyo ndidali chete poopa kutsutsana ndi akuluakulu. Chaka chatha mng'ono wanga adapeza kachotupa m'bere, ndipo abale adayamba kumuuza za kwa sing'anga. Pamenepo ndidaona kuti kukhala chete kwanga kupha munthu. Zimene ndidauza abale anga ndi zimenenso ndikufuna kugawana nanu: nkhani ya wasayansi wa ku America, Mary-Claire King.

King adabadwa mu 1946 m'chigawo cha Illinois. Ali ndi zaka 15, mnzake wapamtima adamwalira ndi khansa. Kukoleji adayamba ndi masamu, kenaka pa yunivesite ya California ku Berkeley adaphunzira za majini. Awerengi musadzidzimuke: awa si majini amene amatchulidwa kwa asing'anga. Thupi lathu lidapangidwa ndi maselo, ndipo m'selo mumakhala timitolo 46 totchedwa ma chromosome, 23 tochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. M'timitoloti muli DNA, momwe mudalembedwa malangizo a kapangidwe ka thupi. Kagawo ka DNA kokhala ndi langizo limodzi ndiye jini, ndipo munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000.

Dzina la King lidayamba kumveka mu 1975. Iye ndi mphunzitsi wake, Allan Wilson, adaonetsa kuti pa majini munthu amafanana ndi nyani wamkulu wotchedwa chimpanzee ndi pafupifupi 99 pa 100. Koma funso limene lidamudyera zaka zambiri adaliyamba mu 1974: n'chifukwa chiyani m'mabanja ena khansa ya m'mawere imagwira agogo, mayi ndi mwana yemwe?

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankasaka gwero la khansa m'mavairasi ndi m'zinthu zotizungulira. Ganizo loti jini limodzi lingachititse matenda ofala chonchi ambiri sankalikhulupirira. Kudalibenso makina owerenga DNA mwachangu ngati a lero. King ndi anzake ankafunsa mabanja mafunso amene tonsefe tingafunse: adadwala ndani, ali ndi zaka zingati, ndi mwana wa yani? Mayankho ankawajambula ngati mtengo wa nthambi, n'kutenganso magazi a achibalewo kuti akawayeze.

Masamu aja adamuthandiza. Mu 1988 gulu lake lidasanthula mbiri ya mabanja oposa 1,500 n'kuonetsa kuti momwe matendawa ankayendera m'mabanja ena zinkagwirizana ndi jini limodzi lopatsirana kuchokera kwa kholo. Chidatsala n'kupeza pomwe jinilo lili. Adalimbana ndi mabanja 23 okhala ndi odwala ambiri, koma zotsatira zinkangosokonekera. Wophunzira wake wina, Beth Newman, adapereka maganizo oti mabanjawo awandandalike potengera msinkhu umene anthu adayambira kudwala. Atatero, mabanja 7 amene amayi ake ankadwala akadali aang'ono adaloza malo amodzi, pa chromosome ya nambala 17. Umu mudali mu 1990. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: kuchokera 1974, King adali akadali pa funso limodzi lomwelo. Jinilo lidatchedwa BRCA1.

Kudziwa dera sikudali kulipeza jini lenilenilo. Magulu angapo a asayansi adayamba mpikisano, ndipo King sadapambane. Mu 1994 gulu la Mark Skolnick la ku Utah, mogwirizana ndi kampani ya Myriad Genetics, ndi limene lidalipeza. Mu 1995 gulu la Michael Stratton ku Britain lidapeza lachiwiri, BRCA2, pa chromosome ya nambala 13. Myriad idatenga chilolezo chaumwini pa majiniwa, mpaka mu 2013 pomwe khoti lalikulu la ku America lidagamula kuti jini lachilengedwe silingakhale katundu wa kampani. King adasamukira ku yunivesite ya Washington ku Seattle mu 1995 n'kupitiriza kafukufuku wake. Mu 2014 adalandira mphoto ya Lasker, imodzi mwa mphoto zazikulu pa zachipatala.

Nanga BRCA1 imatani? Tonse tili nalo jini limeneli, ndipo ndi labwino. Maselo akamagawikana, DNA imaduka malo ena, ndipo jinili limathandiza kulumikiza podukapo, ngati telala wosoka pong'ambika. Munthu amalandira matelala awiri otere, wina kwa mayi, wina kwa bambo. Amene wabadwa ndi mmodzi wowonongeka amadalira wotsalayo. Wotsalayo akawonongekanso m'selo lina la m'bere, zolakwika zimaunjikana mpaka selolo limayamba kuchulukana mosalamulirika. Chotupa chimayamba choncho. Mwa amayi 10 obadwa ndi BRCA1 yowonongeka, pafupifupi 6 kapena 7 amadzadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo, ndipo pafupifupi 4 amadwala ya m'timatumba ta mazira.

Apa pali mfundo imene idatsegula maso amalume anga. Ife Achewa timawerenga mtundu kuchikazi, choncho abale ankati msuweni wanga uja sakadatengera matenda a mbumba yathu popeza mayi ake ndi a mtundu wina. Kwa iwo umenewu udali umboni wa ufiti. Koma jini silisamala za mbumba. Bambo akhoza kulitenga kwa mayi ake, iye osadwala, n'kulipatsira mwana wake wamkazi. Mwana aliyense wa kholo lotere akhoza kulitenga kapena ayi, ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba.

Ndisakuopsezeni. Mwa odwala khansa ya m'mawere 100 aliwonse, 5 mpaka 10 okha ndi amene matenda awo ndi akumtundu. Mayi amene kwawo kudalibe wodwalapo akhoza kudwala, ndipo amene adabadwa ndi jini lowonongeka akhoza kukalamba osadwala. Banja lathu silidayezetse majini, chifukwa kuyezako n'kodula ndipo sikupezeka wamba kwathu kuno. Koma chida chimene King adayambira nacho tili nacho tonse: kufunsa ndi kulemba. Zofunika kuzisamala ndi izi: achibale angapo a mbali imodzi odwala khansa ya m'mawere, wodwala asadafike zaka 50, wodwala mawere onse awiri, khansa ya m'timatumba ta mazira, ndiponso mwamuna wodwala khansa ya m'mawere, poti amuna nawonso amadwala.

Ndidakhala pakhonde ndi amalume tsiku lonse, ine ndi cholembera, iwo akukumbukira mayina. Titafika kwa azichemwali a agogo, adakhala chete kaye, kenaka adati, "Mwanawe, lemba winanso apo. Ameneyu adamwalira ku Kabwe, gogo ujayu asadakwatiwe n'komwe m'mudzi muno."

Pepala limenelo mng'ono wanga adapita nalo kuchipatala. Adokotala adadula kachidutswa ka chotupacho n'kukayeza, ndipo adapeza kuti ndi khansa koma isadafalikire. Adamuchita opaleshoni, pano akulandira mankhwala. Ine ndimadzipima mawere mwezi ndi mwezi, ndipo ana anga aakazi awiri ndawaphunzitsa kale kuti akaona chotupa, bere lasintha maonekedwe kapena kunsonga kukutuluka magazi, athamangire kuchipatala osadikira kuti pawawe.

Tchuthi chikubwerachi ndikupita kumudzi ndi pepala lija. Ndisadafike kwathu, ndikayamba ndalonjera kaye ana a gogo uja.