Mamilimita Ochepa Pakati pa Chotupa ndi Chilonda

Odwala khansa ya kummero ambiri amafika kuchipatala nsima italeka kale kudutsa, ena ngakhale phala likukana. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, choncho nkhani ya brachytherapy ndi yathunso.

Pa chithandizochi, madokotala amalowetsa kachubu kummero, ndipo makina amakankhiramo kachitsulo ka iridium-192, kosaposa njere ya mpunga, kotulutsa cheza chowotcha chotupa. Kachitsuloko kamaima pangʼono pangʼono m'malo osiyanasiyana kwa masekondi owerengeredwa ndi kompyuta. Kafukufuku wa ku Netherlands wa odwala 209, wofalitsidwa mu The Lancet mu 2004, anapeza kuti mlingo umodzi wa cheza wa 12 Gy umathandiza munthu kumeza kwa nthawi yayitali kuposa stent (chipangizo chosiyidwa kummero kuti ukhale wotseguka), ngakhale stent imathandiza msanga.

Koma 12 Gy imeneyo ili pati? Kawirikawiri imawerengedwa pa sentimita imodzi kuchokera pakati pa kachubu. Cheza chimachepa mphamvu mofulumira ukamatalikira gwero lake, ndiye ngati kachubu ndi kowonda, ka mamilimita 6, khungu la m'kati mwa mmero lokhudzana nako limalandira pafupifupi katatu mlingo umene dokotala walemba. Kachubu kakapendekera mbali imodzi, mbaliyo imapsa pomwe chotupa cha mbali inayo chalandira zoperewera. Zilonda, kuning'a kwa mmero, ngakhale chiboo cholumikiza mmero ndi njira ya mpweya, zingayambire pamenepa.

Palinso nkhani ya masamu enieniwo. Njira yowerengera mlingo ya TG-43, yomwe bungwe la AAPM la ku America linakhazikitsa mu 1995, imatenga thupi lonse ngati madzi okhaokha. Pachifuwa sizili choncho: pali mapapo odzaza mpweya ndi mafupa a msana. Lipoti la TG-186 la mu 2012 linalimbikitsa mawerengedwe ogwiritsa ntchito zithunzi za CT, monga a Monte Carlo, otsatira mmene cheza chimayendera m'mnofu, m'fupa ndi mumpweya.

Komabe pa iridium-192 kusiyana kwa njira ziwirizi nthawi zambiri kumakhala kochepa pafupi ndi kachubu. Ine ndingade nkhawa kwambiri ndi kachubu kosunthira mbali kusiyana ndi pulogalamu yakale ya kompyuta. Ndipo kachitsuloko kamafooka ndi theka pa masiku 74 aliwonse, pafupifupi 1 peresenti patsiku, kotero masekondi omwe anali olondola mwezi watha amayenera kuwerengedwanso lero.