Cifukwa Ciyani Zithunzi Zathu Sizioneka Bwino Papepala?

Ambiri a ife timajambula ubatizo ndi foni, koma cithunzico cikasindikizidwa pa kalendala ya mpingo, nkhope zimangoti mbuu. Cithunzi cimapangidwa ndi timadontho tochedwa mapikiseli. Kamera ya mamegapikiseli 12 imajambula timadontho pafupifupi 4,000 mulitali ndi 3,000 mulifupi. Timadontho tikaculuka, faelo imakula, ndipo cithunzi cimaoneka bwino ngakhale papepala lalikulu.

Tikacitumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, cimacepetsedwa kuti cisadye data yambiri, ndipo timadontho totayika sitibwereranso. Conco, zofunika kusindikiza tizizitumiza ngati Document. JPEG ndi yoyenera zithunzi za anthu, pamene PNG ndi yoyenera cizindikiro ca mpingo ndi zolemba.

Abale ndi alongo, tisafufute cithunzi coyambirira m'foni. Tsiku la ubatizo silibwera kawiri.