Uta wakale sukungidwa mwaphuma

Chaka chatha, titamaliza kuphunzira za nkhondo ya Uhud ku madrasa, anyamata awiri apachibale anakatsitsa uta wa malemu agogo awo umene unakhala patsindwi la khitchini kwa zaka zambiri. Nkhani ya amuna 50 oponya mivi amene Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) anawaika pakaphiri motsogozedwa ndi Abdullah ibn Jubayr inali itawalowa m'mutu. Anadula chingwe cha nayiloni paukonde wakutha, naukunga utawo, ndipo wamkuluyo anakoka mpaka kukhutu. Uta unathyoka pamwamba pa chogwirira, chibenthu chake n'kumucheka m'munsi mwa diso. Bala linapola. Koma bambo awo atafika kwathu ndi zidutswa ziwiri m'manja, sanafunse za bala. Anati: “Shehe, kodi zimenezi zingalumikizikenso? Ndi chokhachi chimene bambo anga anandisiyira.”

Ndinawayankha kuti kulumikiza n'kotheka kuti uta uzioneka wamphumphu, koma sudzaponyanso muvi. Mumtima ndinadziwa kuti mlanduwo unandikhudza inenso. Ife aphunzitsi timawauza ana kuti Mtumiki analimbikitsa kuphunzira kuponya mivi, koma sitiwauza kuti uta umakalamba, ndipo wokalambawo uli ndi kagwiridwe kake.

Mwa anthu amene anaisamala nkhani imeneyi mpaka kuilemba m'mabuku ndi Asilamu a mu ufumu wa Ottoman, kumene lero kuli dziko la Turkey. Sultan Mehmed II atalanda mzinda wa Constantinople, umene tsopano ndi Istanbul, m'chaka cha 1453, anapatula malo otchedwa Okmeydanı, kutanthauza bwalo la mivi. Pabwalopo panadzakhala nyumba ya oponya mivi yokhala ndi shehe wakewake, ndipo iwo ankamutenga swahaba Sa'd ibn Abi Waqqas (Allah asangalale naye) ngati kholo la luso lawo. Munthu akaponya patali koposa anzake, ankazika mwala pamene muvi wagwera. Katswiri wina dzina lake Tozkoparan İskender anaponya muvi mtunda woposa mamita 840, ndiko kutalika kwa mabwalo a mpira 8 mutawandanditsa. Pambuyo pake Sultan Mahmud II, amenenso anali woponya mivi, analamula Mustafa Kani kuti asonkhanitse nzeru za amisiri, ndipo buku lake linasindikizidwa m'chaka cha 1847.

Uta woponya patali chotero sunali wautali. Unali wongopitirira pang'ono mita imodzi. Mphamvu yake inali m'zinthu zinayi zimene anaupangira. Pakati panali mtengo wa maple, wolumikiza zidutswa zitatu kapena zisanu. Kumimba kwa uta, mbali yoyang'ana woponya, ankamatako nyanga ya njati yoweta, pakuti nyanga imalola kupanikizika nibwerera mwakale. Kumsana ankayalako mitsempha ya m'miyendo ya ng'ombe, yosinja ndi kupesa mpaka itakhala ngati luzi, pakuti mtsempha umalola kutamuka. Chomanga zonsezi pamodzi chinali guluu wophika kuchokera ku mitsempha, zikopa ndi nsomba, ndipo wotchuka kwambiri ankachokera ku khungu la m'kamwa mwa nsomba yaikulu yotchedwa sturgeon ya mumtsinje wa Danube. Mtengo ndi nyanga ankazilemba timizere tambiri tolowana ngati mano a chipeso kuti guluu agwire bwino. Akatha kumata, uta unkauma chaka chathunthu kapena kuposerapo. Mitsempha ikamauma imakoka, motero uta wosakunga umapindikira kutsogolo mpaka nsonga zake kutsala pang'ono kukumana. Munthu wosadziwa akauona amaganiza kuti chingwe chimamangidwa mbali yopindikayo, pamene kukunga kwake ndi kuubweza kumbali inayo.

Guluu ameneyu ndiye chiyambi cha matenda onse a uta wanyanga, ndiponso mankhwala ake. Amafewa akamva kutentha, amamwa chinyezi, ndipo akauma kwambiri amakhala wophweka kusweka. Inu a m'mbali mwa nyanja mukudziwa mmene ng'oma imalirira mopusa nyengo ya mvula mpaka mutaiwamba pamoto. Uta wamitsempha umatero. Ndiye chifukwa chake akatswiri a ku Okmeydanı, mpikisano ukayandikira, ankaika mauta awo m'bokosi lofunda kwa masiku angapo kuti chinyezi chichoke, ntchito imene ankaitcha timar.

Mmisiri akalandira uta umene wagona zaka, sathamangira chingwe. Amayamba wauyang'ana pakuwala. Amafufuza timabowo ta tizilombo todya nyanga ndi mitsempha. Amayendetsa chikhadabo m'mphepete momwe nyanga yakumana ndi mtengo, kuti amve ngati yayamba kumatuka. Amaona ngati chikopa kapena utoto wa kumsana wang'aluka mopingasa, chifukwa mng'alu wopingasa umaloza kuti mitsempha yapansi pake yaduka. Mng'alu wotsata utali wa uta nthawi zina umachiritsika pothira guluu ndi kukulunga mitsempha yatsopano, koma wopingasa ndi woopsa.

Akakhutira kuti thupi lake ndi lamoyo, amayamba kuudzutsa. Amafunditsa mkono umodzi wa uta pamwamba pa makala, patali ndithu, mpaka utatentha mongoti dzanja lingathe kuugwirabe. Kupyola pamenepo guluu amasungunuka ndipo mitsempha imapsa. Kenaka amaupinda pang'ono ndi kuumangirira pa kamtengo kosema mokhota kotchedwa tepelik, nachitanso chimodzimodzi mkono winawo. Uta umakhala pa timitengo timeneti mpaka utazolowera kupindika kwatsopanoko. Akatero amaika chingwe, koma saukoka tsiku lomwelo. Amausiya wokunga kanthawi, naumasula. Tsiku lina amaukoka pang'ono, mawa lake naonjezerako, kufikira utafika pamene unkafika kale. Ntchito imene anyamata aja anaichita m'mphindi imodzi, mmisiri amaichita masiku ambiri.

Matenda ofala kwambiri ndi kupotoka. Mmisiri amagwira uta wokunga, nayang'ana motsata chingwe kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inzake. Chingwe chiyenera kudutsa pakati penipeni pa mikono yonse iwiri ndi pachogwirira. Nsonga imodzi ikapendekera kumanzere kapena kumanja, chingwe chikhoza kupulumuka pokoka, uta n'kutembenuka mwadzidzidzi, ndipo kutembenuka kotero kumathyola uta kapena kuvulaza mwiniwake. Kukonza kwake ndi kufunditsa malo opotokawo, kuwapotolera kumbali inayo mopitirira pang'ono, ndi kugwira chomwecho mpaka atazizira. Kawirikawiri kupotokako kumabwerera, mmisiri nabwerezanso kawiri kapena katatu.

Pali matenda ena obisika kuposa amenewa: mikono iwiri kusiya kugwirizana. Wina umapindika kwambiri, wina umauma khosi. Wofookawo ndiwo umasenza katundu yense, ndipo ukalekereredwa umanka nufookerabe mpaka kuthyoka. Mmisiri amayesa mtunda wa pakati pa chingwe ndi mkono uliwonse. Akapeza kusiyana, amafunditsa mkono woumawo naupinda kuti ulolere, wofookawo ataumanga kuti usapindike mopitirira. Njira ina ndi kupala nyanga ya mkono woumawo ndi mpeni, pang'onopang'ono. Amisiri anzeru amaisunga njirayi kuti ikhale yomalizira, pakuti kutentha kukalakwika amabwereza, koma nyanga yopalidwa sibwereranso, ndipo uta umatsala wochepa mphamvu.

Chingwe ndicho chiwalo chosinthidwa kawirikawiri. Cha Aturuki chinali cha ulusi wambiri wa silika womanga pamodzi, ndipo dzina lake ndi çile, liwu limene m'chinenero chawo limatanthauzanso kuzunzika. Kutalika kwake sikongoyerekeza. Chikafupika chimaupanikiza uta ngakhale usanakokedwe; chikatalika chimamenya dzanja ndipo chikhoza kuvuka. Chingwe chatsopano chimayesedwa pa chakale. Ndipo lamulo limene woponya mivi aliyense padziko lapansi amalidziwa ndi lakuti chingwe sichitayidwa popanda muvi. Mphamvu imene ikanapita ndi muviwo imabwerera m'thupi la uta, ndipo uta wakale suipirira.

Nyanga yomatuka imatha kumatidwanso, ndipo mmisiri waluso amatha kuchotsa mitsempha yonse yakale ndi kuyala yatsopano. Apa mpamene pamabuka funso lovuta: ukasintha nyanga, mitsempha ndi chikopa, chatsala cha uta wa makolo n'chiyani? Ine ndikuona kuti amene amasunga mauta akale ku Istanbul anasankha bwino. M'nyumba yachifumu ya Topkapı ndi m'nyumba yosungiramo zida zankhondo za makedzana muli mauta ambiri a nthawi ya Ottoman, ndipo sakungidwa. Mmisiri wa ku Canada, Adam Karpowicz, pofuna kudziwa mphamvu yake, anayesa kukula ndi kuchindikala kwa mauta 46, nayerekeza ndi mauta atsopano amene anapanga iye mwini. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa m'chaka cha 2007, zinasonyeza kuti pakatikati uta wotere unkafuna mphamvu yofanana ndi kunyamula makilogalamu 50 kuti ukokedwe. Anapeza yankholo osakoka ngakhale umodzi. Ku Topkapı komweko, m'chipinda cha zinthu zolemekezeka, muli uta wansungwi umene amati unali wa Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye), wosungidwa pamodzi ndi chikwama chake chokongoletsedwa. Palibe amene amalota zouika chingwe.

Kupumitsa uta wakale sikutha kwa kuponya mivi. Nyumba ya oponya mivi ya ku Okmeydanı inamangidwanso ndi kutsegulidwa m'chaka cha 2013, ndipo mu 2019 bungwe la UNESCO linaika kaponyedwe ka mivi ka Aturuki pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse choyenera kusungidwa. Ambiri mwa achinyamata amene akuphunzira lero amagwiritsa mauta ooneka ngati akale koma opangidwa ndi matabwa opyapyala omatidwa ndi fayibagalasi. Ndi otsika mtengo, saopa chinyezi ngati anyanga, ndipo akathyoka palibe cholowa cha makolo chatayika. Ngakhale kale, wophunzira sankayamba ndi uta wankhondo. Ankampatsa uta wofewa wotchedwa kepaze, woti aziukoka tsiku ndi tsiku mpaka mapewa atakhwima.

Mauta afayibagalasi nawonso amakalamba, ndipo kukalamba kwawo n'kouma mtima. Guluu wake sabwezeka ndi kutentha ngati wachikopa uja. Mukausiya m'galimoto yotseka padzuwa, zigawo zake zimamatuka. Mukapeza wogwirapo kale ntchito, pukutani mikono yake ndi thonje: pamene thonje lakodwa, pali ulusi wagalasi wodzuka. Malo oyera ngati mkaka pansi pa galasi akusonyeza kumatuka, ndipo mkono wotero ndi wofunika kusintha, osati kumata. Dziwaninso kuti zingwe zamakono zosatamuka, monga za Dyneema, zimang'amba nsonga za mauta akale amene sanalimbitsidwe. Mauta amenewo amafuna chingwe cha Dacron, chimene chimatamuka pang'ono.

Nanga uta wathu wa mtengo umodzi, umene uli patsindwi m'nyumba zina? Ulibe nyanga kapena mitsempha yoti n'kusintha. Mtengo ndiwo zonse. Utsi wa m'khitchini umauteteza ku tizilombo tina, koma moto wa zaka zambiri umauumitsa mpaka utasiya kulola, ndipo ngati unapachikidwa uli wokunga, unapindikiratu n'kutaya mphamvu. Muuone kumsana kwake. Pakakhala mng'alu wopingasa, mfundo yotseguka kapena ufa wotuluka m'timabowo, musaukunge konse. Ukaoneka wabwino, muuchotse pamoto, ukhale m'chipinda chozizira milungu ingapo, muudzoze mafuta pang'ono, ndipo munthu wamkulu ndiye auyese, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Kakulira kalikonse kothetheka ndi chizindikiro choti alekere pomwepo. Kunena zoona, ine uta umene mwini wake anamwalira ndipo palibe wina wofanana nawo m'banjamo, sindingauyese n'komwe. Mtengo watsopano ulipo kuthengo.

Zidutswa ziwiri zija tinapita nazo kwa kalipentala. Anazimata, nakulunga polumikizirapo ndi kachingwe ka chikopa, ndipo uta uja uli pakhoma la pabalaza wopanda chingwe. Anyamatawo anatsagana ndi mkulu wina wa pamudzi amene ankasaka nyama ali mnyamata, nakadula mtengo wowongoka wopanda mfundo. Mkuluyo anauyedzeka pamthunzi kuseri kwa nkhokwe, nawauza kuti asaukhudze ndi mpeni mpaka utauma. Wamng'onoyo amapita kukauyang'ana Lachisanu lililonse akachoka ku Jumu'ah.